Kuchoka ku Harare ndi chikwama kumsana kukathandiza kuteteza nkhalango: muyende chonchi

Tsiku limene ndinauza agogo ku Mufakose kuti ndikupita ku Mulanje kukabzala mitengo miyezi iwiri popanda malipiro, anasiya kusadzula masamba n'kundiyang'ana. "Mdzukulu wanga, agogo ako aamuna anachoka komweko wapansi kuthawa thangata, kudzafuna ndalama kuno ku Halale. Iwe wati ubwerere komweko kukagwira ntchito yaulere?" Ndinaseka, koma funso lawo linali lanzeru. Pa intaneti pali mapulojekiti ambiri oteteza nkhalango amene amati mulipire madola mazanamazana pa sabata kuti mukawagwirire ntchito. Malipiro amenewo anaikira ana a ku London ndi ku Berlin. Ife a ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa ndi Epworth tikatsata njira yawoyo ndiye thangata weniweni, wochita kulipira wekha. Njira ilipo ina, yolunjika kwa eni ntchito, ndipo ndi imene ndikulongosola pano.

Choyamba: dziwani ntchito imene mukuifuna

Zithunzi zimaonetsa munthu atanyamula kamwana ka nyani. Ntchito yeniyeni ndi ya khasu, chikwanje ndi wilibala. Masiku ambiri mudzakhala pa nazale: kusefa dothi la m'nkhalango, kulisakaniza ndi mchenga ndi manyowa, kulitsira m'machubu akuda aja, kuwandanda m'mizere, kufesa, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kusuntha machubu kuti mizu isaloze pansi. M'chilimwe mudzalambula njira zotchinga moto ndi kuzula mitengo yachilendo imene ikulanda malo a mitengo yachilengedwe. Mvula ikagwa, kukumba maenje ndi kusenza mbande kukwera nazo mtunda. Mukakhala ndi mwayi, adzakutengani kukayeza kunenepa kwa mitengo, tepi mukuikulunga pa mamita 1.3 kuchokera pansi, kapena kukasintha mabatire m'makamera omangirira pamitengo, kapena kukhala pa kompyuta tsiku lonse kulemba kuti chithunzi ichi ndi gwape, ichi ndi nguluwe, ichi ndi udzu wogwedezeka ndi mphepo basi.

Ngati izi zakugwetsani ulesi, pitani kokaona malo monga mlendo, palibe cholakwika. Walira mvula walira matope.

Musanawononge ndalama, dziyeseni kunyumba konkuno. Loweruka loyamba la Disembala ndi tsiku lobzala mitengo m'Zimbabwe muno, kabzaleni nawo. Kayendeni m'Mukuvisi Woodlands muphunzire kusiyanitsa mitengo. Mukafuna kulawa nkhalango yowirira yeniyeni musanadumphe malire, kwerani basi ya ku Chipinge mukafike ku Chirinda, pa Mount Selinda, kumene kuli mbawa yotchuka ija amaitcha Big Tree. Mukagona kumeneko masiku awiri mudzadziwa ngati chinyontho, mdima wa pansi pa mitengo ndi kulira kwa tizilombo usiku mumagwirizana nazo.

Chachiwiri: sankhani nkhalango molingana ndi thumba lanu

Ku Amazon ndi ku Borneo kuli nkhalango zazikulu, koma tikiti ya ndege yokha ingakudyetseni miyezi ingapo ku Malawi. Pafupi pompano pali malo oti n'kufikako pa basi.

Phiri la Mulanje ndiye ndimalidziwa bwino. Nsonga yake, Sapitwa, ndi ya mamita 3,002, ndipo linakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927. M'zigwa zake muli nkhalango zowirira, ndipo pamwamba ndi kwawo kwa mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984. Thabwa lake limanunkhira, ndipo chiswe sichiligwira. Chomwecho n'chimene chinauphetsa. Ocheka matabwa anaugwetsa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anangopeza mitengo 7 yokha yokhwima m'phiri lonselo. Chiyambire nthawi imeneyo, a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi midzi yozungulira akhala akufesa mbande m'manazale ndi kuzibwezera kuphiri. Mdani wamkulu wa mbandezo ndi moto wa m'chilimwe, kenako paini wachilendo amene amadzimerera yekha paliponse. Mu 2025 phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse.

Ku Mozambique kuli paki ya Gorongosa. Kuchoka ku Harare mudzera ku Mutare, kudumpha bodala pa Forbes kulowa Machipanda, kenako Chimoio ndi Inchope. Nkhondo ya pachiweniweni imene inatha mu 1992 inatsala pang'ono kumaliza nyama zikuluzikulu kumeneko, ndipo mu 2008 boma linasainirana mgwirizano ndi bungwe la Greg Carr, munthu wachuma wa ku America, kuti akonzenso pakiyo. Paphiri la Gorongosa alimi amabzala khofi pansi pa mitengo yachilengedwe, kuti munthu apeze ndalama nkhalango ili chiimire. Anthu ambiri kumeneko amalankhula Chisena, chimene wodziwa Chichewa amatolako ndithu, ngakhale za m'maofesi zimafuna Chipwitikizi.

Amene ali ndi nthawi angapite ku Lusaka kudzera pa Chirundu, n'kukakwera sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi. Njanji yake ndi ya makilomita 1,860 kukafika ku Dar es Salaam, ndipo imadutsa m'munsi mwenimweni mwa mapiri a nkhalango a Udzungwa ku Tanzania, pa Mang'ula. Kupitirira apo kuli Nyungwe ku Rwanda, komanso Kibale ndi Bwindi ku Uganda, kwawo kwa anyani akuluakulu aja, chimpanzi ndi gorila. Kumeneko musayembekezere kuti volontiya amangopatsidwa mwayi wosewera nawo. Chilolezo chokaona gorila ola limodzi ku Rwanda ndi madola 1,500 kwa alendo a kutali, ngakhale a mu Africa amatitsitsirako.

Ine ndimati ulendo woyamba pitani kumene lilime lanu likagwire ntchito. Mzungu amabwera ndi ndalama. Inu mumabwera ndi Chichewa, ndipo pulojekiti imene imagwira ntchito ndi midzi imachisowa kwambiri. Mungathe kukhala pa msonkhano wa komiti ya nkhalango n'kumva zimene anthu akudandaula zenizeni, osati zimene womasulira wasankha kunena.

Chachitatu: fufuzani eni ntchito, ndipo apa musafulumire

Masamba a pa intaneti monga Workaway ndi Worldpackers amalumikiza apaulendo ndi anthu ofuna thandizo, mukalipira kandalama ka pachaka. Angakuthandizeni kuona zimene zilipo. Koma mabungwe ambiri amene akugwira ntchito yooneka sakhala ndi nthawi yodzitsatsa. Mumachita kuwalembera nokha. Kalata ikhale yaifupi: ndinu ndani, mukhala masabata angati, mumatha chiyani. Musalembe kuti mumakonda chilengedwe, aliyense amatero. Lembani kuti mumatha kuyendetsa njinga yamoto, kukonza sola, kusunga mabuku a ndalama, kujambula mapu pa foni, kuwotcherera, kuphunzitsa ana. Mulembere mabungwe khumi. Akayankha awiri, zayenda.

Akayankha, afunseni mafunso awa ndipo mayankho akhale olembedwa. Kodi bungwe lawo linalembetsedwa kuboma, ndipo chilolezo chogwira ntchito m'nkhalangomo anawapatsa ndani? Ndalama imene akuti mulipire ikupita kuti: chakudya zingati, pogona zingati, zotsalazo za chiyani? Kulipira nsima imene mudzadye ndi bedi limene mudzagonepo n'koyenera, musachite nako manyazi kapena kukwiya. Chokayikitsa ndi ndalama yaikulu yopanda mutu, yoti mutumize yonse ku akaunti ya munthu musanafike. Afunseninso kuti mwa mbande zimene anabzala chaka chatha, zapulumuka zingati. Wodziwa ntchito amayankha mosabisa kuti zambiri zinapsa kapena zinauma, n'kufotokoza chifukwa chake. Wongofuna zithunzi amakuuzani chiwerengero cha zimene anabzala basi.

Funso lina anthu amaliiwala: kodi ntchito imene mukupita kukagwira ulereyo, kale ankaigwira ndani? Ngati kubwera kwanu kukuchotsa mayi wina wa m'mudzimo pa ganyu yothirira mbande, simunathandize nkhalango, mwangolanda munthu ndiwo. Pulojekiti yabwino ili ndi antchito a komweko olipidwa, ndipo volontiya amangowonjezera manja.

Pemphani nambala ya munthu mmodzi kapena awiri amene anagwirako kale, muwaimbire pa WhatsApp. Ndipo malo alionse amene amalola alendo kunyamula ana a mikango kapena kujambulitsa atakumbatira nyama zakutchire, alambalaleni. Nyama yozolowera manja a anthu sibwereranso kutchire. Kwa anyani akuluakulu n'zoopsa kuposa apo, chifukwa chimfine chathu chimawapha: ku Kibale mu 2013 chimfine chochokera kwa anthu chinapha achimpanzi 5 a gulu limodzi. N'chifukwa chake oyang'anira enieni amakuimitsani patali ndi kukuvekani chophimba pakamwa.

Ine ndinaphunzira movutikira. Ndisanapeze malo a ku Mulanje ndinatumiza madola 60 kwa munthu wina amene anati ndi osungitsira malo pa pulojekiti yake. Nambala inazima sabata yomweyo. Safunsa anadya phula.

Chachinayi: mapepala

Kwa ife ana a matchona, apa ndiye pamadya nthawi. Ngati chitupa chanu chikadali cholembedwa kuti ndinu mlendo m'dziko muno, dziwani kuti malamulo aakulu a dziko a mu 2013, gawo 43, amati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye amakhala konkuno, ndi nzika mwa kubadwa. Pitani ku maofesi a Registrar General ndi kalata yanu yobadwira yaitali ija ndi mapepala a makolo, mukonze chitupa kaye, pasipoti pambuyo. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, ofesi ya kazembe ili mu Harare momwemuno. Yambani miyezi itatu ulendo usanafike. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndi masamba opanda chidindo angapo, chifukwa ulendo umodzi wa ku Blantyre umadya zidindo zinayi popita pokha.

Pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi sifuna viza kuti mudutse ku Mozambique kapena ku Zambia. Koma kulowa monga mlendo ndi kugwira ntchito n'zosiyana, ndipo maiko ambiri amati ntchito yopanda malipiro ndi ntchitobe. Bungwe likutumizireni kalata yokuitanani, likuuzeninso chilolezo chofunika. Likakuuzani kuti mukaname pa bodala, mwadziwiratu mtundu wa anthu ake. Muonetsetsenso masiku amene akudindirani, kawirikawiri amakhala 30, ndipo mukawonjezetse ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka asanathe. Mabungwe amene amagwira ntchito ndi ana a sukulu amafunanso kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Imeneyo mukadinditsa zala ku CID.

Chachisanu: thupi lanu, makamaka malungo

Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo malungo si ofala mumzinda muno. Zotsatira zake n'zakuti ife obadwira kuno matupi athu sawadziwa. Musanyengedwe ndi mawu akuti magazi anu ndi a ku Nyasalande. Kupirira malungo sikuyenda m'magazi a agogo, kumabwera chifukwa cholumidwa kawirikawiri kuyambira ubwana. Anzanu a pa nazale angadwale n'kudzuka mawa lake, inu akugonekani m'chipatala. Kaonaneni ndi dokotala akulembereni mankhwala oteteza. Otchipa ndi doxycycline: mumayamba tsiku limodzi kapena awiri musanafike, kumwa tsiku lililonse mutadya ndi madzi ambiri, n'kupitiriza masabata anayi mutabwerako. Amayi oyembekezera samwa amenewa. Neti yonyikidwa m'mankhwala munyamule yanu.

Opita ku Uganda afunika khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 mutabayitsa, ndipo kuyambira mu 2016 katemera mmodzi amakwanira moyo wonse. Mufunsenso za katemera wa kafumbata ndi wa chiwewe. Galu, nyani kapena mleme zikakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Njoka ikakulumani, musatemere, musayamwe, musamange zolimba. Khalani phee, anzanu akunyamuleni.

Zimene zidzakusautseni tsiku ndi tsiku ndi zazing'ono. Linthumbu mukaliponda, thawani kaye pamzere wake, kenako vulani buluku osachita manyazi ndi aliyense. Chitedze muchidziwe ndi maso musanachidziwe ndi khungu. Nkhupakupa muzizifufuza madzulo alionse m'khwapa ndi m'chiuno. Zovala zoyanika panja muzisita, kuopa mphutsi zolowa pakhungu zija timazidziwa kale kuno. Madzi akumwa muzithira WaterGuard kapena kuwiritsa, ndipo mapaketi a Thanzi, obwezeretsa madzi m'thupi mukatsegula m'mimba, asasowe m'chikwama. Inishulansi ya paulendo ikhale yonena poyera kuti ikulipira ngozi ya pa ntchito ya manja ndi kukwera mapiri.

Chachisanu ndi chimodzi: chikwama ndi ndalama

Musapite m'masitolo odula. Pa kaunjika ku Mbare mupeza zonse: mabuluku awiri opepuka ouma msanga, malaya a manja aatali, jekete ya mvula, juzi yokhuthala, masokosi ambiri. Jinzi ikanyowa m'nkhalango imatha masiku atatu isanaume, isiyeni. Magambuti amaposa nsapato zodula pa matope, koma okwera phiri afunikanso nsapato zogwira pamwala. Tochi yapamutu, pawabanki, magolovesi, mapepala apulasitiki okutira zovala ndi mapepala a ulendo. Chikwama chikalemera moti simungayende nacho kuchoka pa Copacabana kukafika ku Roadport osapuma, chotsanimo zina.

Madola akuda ong'ambika amene timapatsana mu kombi kuno, kunja sawalandira. Funani atsopano oyera. Ndalama yathu ya ZiG isiyeni kunyumba. Musanyamule ndalama zonse pamodzi. Siyani zina kwa mbale wodalirika azikutumizirani pang'onopang'ono, ndipo mubise ya basi yobwerera pamalo pena poti musaikhudze ngakhale zitavuta bwanji.

Chachisanu ndi chiwiri: pamsewu

Mabasi a ku Blantyre amadzera ku Mutoko kukafika pa Nyamapanda, kulowa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Zobue kulowa Mwanza. Ndi makilomita pafupifupi 600, koma mabodala awiriwo amatha kudya tsiku lonse. Pasipoti musapatse munthu wopanda yunifomu. Osintha ndalama a pa bodala ali ndi zala zothamanga. Sinthani zochepa zokwanira chakudya ndi minibasi, muwerenge kawiri ndalama yanu isanachoke m'manja. Mukafika gulani simu ya TNM kapena Airtel, amalembetsa ndi pasipoti. Kuchoka ku Limbe kupita ku Mulanje mungadzere ku Thyolo m'minda ya tiyi, kapena msewu wa Midima, umene mu 2006 anaupatsa dzina la Robert Mugabe Highway. Mudzaseka nokha kuti mwathawa Harare koma dzinalo lakutsatirani.

Nthawi yopitira isankhidwe ndi ntchito. Nyengo yobzala mitengo ku Malawi imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma ndi nthawinso ya mvula yoopsa. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali za phiri n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nthawi ya kulambula ndi kukonza nazale, ndipo chiperoni chikatsika pamwamba paphiri pamazizira kuposa Juni wa ku Harare.

Chachisanu ndi chitatu: mukafika

Sabata yoyamba tsekani pakamwa, tsegulani makutu. Pemphani akuperekezeni kwa amfumu mukadzionetse, ndipo mukanene kwanu kwenikweni, mudzi wa agogo ndi mfunda wanu. Ine nditatchula mfunda wathu, mayi wina wachikulire pa nazale anaomba m'manja nati, "Ndiye ndiwe mwana wathu iwe! Nanga Chichewa chokhotachi unachitola kuti?" Adzakusekani mukati sadza m'malo mwa nsima, kapena mukaiwala n'kuthokoza m'Chishona. Sekani nawo. Koma dziwaninso kuti adzakuonani ngati munthu wa madola, ndipo zopempha zidzabwera. Konzekeranitu yankho laulemu, lofanana kwa aliyense.

Abambo amene amayang'anira nazale mwina sanapite patali ndi sukulu, koma amadziwa mwezi umene mbawa imagwetsa njere ndi tsiku loyenera kuchotsa mthunzi kuti mbande zikhwime zisanapite kumunda. Achitireni ulemu wa mphunzitsi. Akakuuzani kuti chubu mwatsindira kwambiri, khuthulani muyambirenso.

M'nkhalango mudzakumana ndi owotcha makala, otchera misampha ya waya ndi osenza matabwa pamutu kutsika nawo phiri. Simuli wapolisi. Musawajambule, musawalalatire, lembani malo, mukauze mtsogoleri wanu. Thumba la makala lija ndi fizi ya mwana, ndipo wogula ali m'tauni, monga momwe ife timagulira nkhuni magetsi akazima kuno. Mawa lake munthu yemweyo mungakhale naye pa benchi imodzi kutchalitchi.

Kuphiri musapite nokha. Anthu a kumeneko ali ndi miyambo yawo yokhudza mizimu ya paphiri. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, tsatirani zimene wokulondolerani wanena. Nkhungu imatseka njira m'kanthawi kochepa. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa akukwera Sapitwa yekha, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko atasiya womulondolera.

Sungani kabuku. Tsiku lililonse lembani zimene mwachita: machubu angati, mtengo wanji, dzina lake m'Chichewa ndi la sayansi, malo ake. Bungwe limapindula ndi zolembazo kuposa thukuta lanu, ndipo inunso mudzazifuna.

Pobwerera

Musananyamuke pemphani kalata yochitira umboni ntchito imene mwagwira, yokhala ndi chidindo, masiku ndi ntchito zake zotchulidwa mayina. Mukadikira kuti adzakutumizireni, siibwera. Magambuti, magolovesi ndi tochi siyirani anzanu a pa nazale. Timabokosi tonunkhira ta mkungudza timene amagulitsa m'mbali mwa msewu musagule, ngakhale agogo atakutumani. Ndi mtengo womwe uja mwakhala mukuuthirira. Njere ndi mbande musadumphe nazo malire popanda chilolezo. Agogo anga ndinawatengera tiyi wa ku Mulanje ndi ufa wa kondowole, ndipo za thangata sanazitchulenso.

Mankhwala a malungo mumalize masabata anayi aja. Thupi likatentha m'miyezi yotsatira, ngakhale likhale ngati chimfine wamba, pitani kukiliniki tsiku lomwelo ndipo mawu oyamba kwa anamwino akhale akuti mwachokera ku dera la malungo, akuyezeni magazi. Ngati munasambako m'nyanja ya Malawi pobwerera, mudzayezetsenso likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu.